A Felonika Sananene Inde, Sananene Ayi

Lachitatu lapitali tinaika a Felonika m'manda a pamishoni, kumunsi kwenikweni, pafupi ndi mpanda wa nkhadze. Anthu tinali ochepa moti ndinatha kuwerenga aliyense ndi maso, koma sindilemba kuti tinali angati, chifukwa ndikuchitira manyazi parishi yathu. A Mateyu, omwe ndi apampando a bungwe la parishi, anaimirira atagwira chipewa pamimba n'kunena kuti, "Malemuwa anali mayi wofatsa, wokonda kusesa m'nyumba ya Mulungu."

Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga. Ine ngakhale m'kalasi, aphunzitsi akandiloza pa funso lomwe yankho lake ndikulidziwa, mawu amandithawa. Ndiye pamanda paja sindinatsokomole n'komwe. Koma kope lino silindiyang'ana m'maso, ndipo muno ndinena: a Mateyu ananama, ndipo ankadziwa kuti akunama.

A Felonika sanali ofatsa. Anali aafupi, a mawu aakulu ngati a mwamuna, ndipo akakwiya ankayamba amangitsa mpango wakumutu asanayankhe. Tsache la m'tchalitchi sanaligwirepo. Ankati kusesa anasiyira atsikana ofuna kuonedwa ndi asisitere. Ntchito yawo inali ina, ya Loweruka masana, ndipo ndi imeneyo inawathera abwenzi.

Parishi yathu ili ndi anthu a zilankhulo zitatu. Alipo Anyanja, amene sachedwa kukukumbutsa kuti makolo awo ndiwo anayamba kulima kuno. Tilipo ife Alomwe, amene makolo athu anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi atasenza mitolo, n'kudzagwira thangata m'minda ya azungu. Alipo Ayao a cha ku Namadzi, ambiri mwa iwo Asilamu, koma mabanja angapo anabatizidwa kalekale. Ansembe nawonso akhala a mitundumitundu: azungu oyamba aja amene Chinyanja anachiphunzira m'mabuku, kenako akuda anzathu, wina wa ku Dedza, wina wa kumunsi kwa Shire. Pa onsewa panalibe womva Chilomwe. Koma agogo ambiri a m'midzi ya cha ku Mikolongwe Chinyanja chawo n'cha pamsika, choperekera moni ndi kutsatsira nandolo. Cholapira sichikwana. A Felonika ankati munthu amalapa m'chilankhulo chimene amalirira maliro.

Mpingo umalola wolapa kubwera ndi munthu womutanthauzira ngati iye mwini wafuna, koma wotanthauzirayo amamangidwa ndi chinsinsi chomwe chimamanga wansembe. Odziwa Chilomwe ndi Chinyanja tilipo ambiri, koma ndani angauze tchimo lake mayi amene mawa akumana naye pachitsime ali ndi anzake? Onse ankafuna a Felonika. Ankalowa atatu m'kachipinda kosungira zovala za Misa, chifukwa m'kabokosi kolapira simungakwane anthu atatu. A Felonika ankakhala choyang'ana kukhoma, kufulatira wolapayo, ngakhale mawu a aliyense ankawadziwa ngati mawu a nkhuku zawo.

Za zimene ankamva sananenepo, koma za kagwiridwe ka ntchitoyo ankanena mosabisa. Ankati wotanthauzira wabwino sanena kuti "akuti anaba", amanena kuti "ndinaba", kuti tchimo lifike kwa wansembe lili lotentha. Ndiye ankaseka n'kumati iwo alapa machimo a parishi yonse, kuba, kuledzera, chigololo, koma sanalawe kukoma kwa limodzi lomwe. Akatuluka ankapita kumjigo wa kuseri kwa sukulu, kuchukucha m'kamwa katatu n'kulavulira m'ngalande. Kenako ankatulutsa kabotolo kawo ka fodya wa m'mphuno, kununkhiza, n'kuyamba ulendo wa kunyumba osapereka moni kwa aliyense. Ife ana tinkadziwa kuti Loweruka madzulo a Felonika salonjeredwa. Amayi anandiuza kuti ankaopa kuti moni angatsegule pakamwa mawu a anthu asanakhazikike pansi.

Anayamba ntchitoyi ali kamtsikana kosatha msinkhu. Nkhani iyi yokha ankaikonda kuifotokoza, ndipo ndinaimva kawiri. Amayi awo anadwala kwa kayakaya, ndipo wansembe wina wachizungu, wandevu zofika pachifuwa, anabwera pa njinga yakapalasa kudzawadzoza. Odwalawo sankamva Chinyanja. Akuluakulu onse anali ku thangata. Wansembe uja anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kamtsikana kakusuzumira pakhomo. Anakaitana, n'kukagwiritsa mtanda wa pachifuwa pake, n'kukauza kuti zimene kamve muno kakafe nazo. Choncho munthu woyamba amene a Felonika anamutanthauzira machimo anali mayi wawo wowabereka. Maliro atatha, bambo awo anawafunsa zimene malemuwo ananena. Anawanyengerera ndi nzimbe, kenako anawakwapula ndi lamba. A Felonika ankamaliza nkhaniyo motere: nzimbe anadya, lamba analandira, ndipo bambo awo anamwalira osadziwa.

Tchalitchi chathu chachikuluchi a Felonika anachisenzera njerwa pamutu. Ankaloza khoma la kumadzulo n'kunena kuti kuyambira pawindo lachiwiri kufika pakhomo ndi khosi lawo. Koma chitatha, Alomwe ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo ana a kutsogolo ankatembenuka n'kunong'ona kuti Anguru, dzina lotinyozera ife, anunkhitsa utsi. Nyimbo zonse zinali za Chinyanja ndi Chilatini. A Felonika anapempha oyang'anira kwaya zaka zambiri kuti aikemo nyimbo imodzi yokha ya Chilomwe, koma ankawauza kuti Mulungu amamva kale. Tsiku lina la chikondwerero, amayi anga ndikuti anali akadali mtsikana, kwaya itangopuma pa nthawi ya zopereka, a Felonika anaiyamba okha nyimboyo ali kumbuyo komweko. Agogo onse a pafupi ndi chitseko anaivomera. Oyang'anira kwaya anakupiza manja kuti aleke, koma anangooneka ngati akuwatsogolera. Lero nyimboyo imaimbidwa chaka chilichonse, ndipo a kwaya amaivinira ngati anailota okha. Chaka chatha parishi inasindikiza kabuku ka mbiri yake. Muli maina a ansembe onse, chaka chimene anakhoma malata, ndi chithunzi cha belu. Ndinakawerenga kawiri, mwina ndinalumpha tsamba. A Felonika mulibe.

Masiku a msika ankagulitsa kalongonda ku Namadzi. Nyemba zimenezi zikapanda kuphikidwa tsiku lonse ndi kutayidwa madzi kangapo zimazunguza mutu, ndiye anthu sagula kwa aliyense. Kwa a Felonika ankagula osafunsa. Pambali pawo pankakhala Abiti Saidi, mayi wachisilamu wogulitsa zitumbuwa, ndipo awiriwa anakangana zaka zambiri osasuntha malo.

"Inu Aroma mumandiseketsa," ankatero Abiti Saidi. "Za m'banja mwanu mumakauza mwamuna wosakwatira. Amvapo chiyani?"

"Nanga inu? Mwezi wathunthu mukuti simukudya, koma chitenje chikukana kukumana."

"Ndiuzeniko kamodzi kokha, achimwali, kakang'ono. Ine si wa mpingo wanu, sindiwerengedwa."

"Gulitsani zitumbuwa, Abiti, zayamba kuuma ngati nkhope yanu."

Tsopano ndilembe zimene ndakhala ndikuzizungulira.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anthu ambiri anathawira kuno. Ochuluka anapita kumisasa, koma ena anabwera m'midzi kufuna abale. Zaka zitatu zapitazo kunafika gogo wina dzina lake a Lusiya, ali yekha, ndi kolona ya mikanda yosakwana m'khosi. Ankafuna mlongo wawo, koma anapeza kuti anamwalira kale. Chinyanja sankachimva ngakhale pang'ono. Limana lathu, kagulu ka mabanja oyandikana amene timapemphera pamodzi mkati mwa sabata, linawamangira kanyumba ka udzu. Tinanyada nako kwambiri. Alendo akabwera ku parishi, a Mateyu ankawatengera kumeneko kuti aone chikondi cha akhristu a kuno.

Patatha chaka, nthawi ya mvula, mwana wa m'mudzi mwathu dzina lake Joni anadwala. Anali wa zaka zinayi. Anatentha thupi Lolemba, Lachitatu anayamba kukomoka, Lachinayi anamwalira. Kuchipatala anati ndi malungo. Koma wina anakumbukira kuti Lamulungu lake a Lusiya anamupatsa Joni chinangwa chootcha. Ankapatsa ana onse, inenso ndinadyapo kangapo, koma zimenezo palibe anazikumbukira. Ndiye Loweruka lotsatira a Lusiya anapita kukalapa. Anakhalitsa m'kachipinda muja kuposa aliyense, ndipo anatuluka akulira mokweza, atagwira mutu. Amene anali pamzere anaona. Anaonanso kuti a Felonika anachukucha m'kamwa kambiri kuposa masiku onse. Pofika Lamulungu m'mawa, mudzi wonse unali utagwirizana kuti mfiti yaulula.

Misa itatha, a Mateyu anaitanitsa limana pansi pa mitengo ya bulugama kuseri kwa tchalitchi. Anthu anabwera ambiri, ngakhale a malimana ena. Amake Joni anakhala patsogolo atafunda nsalu kumutu, ndipo akazi awiri anawagwirira. A Lusiya sanaitanidwe. Ine ndinali kumbuyo kwa amayi.

A Mateyu anayamba ndi pemphero. Kenako anati, "Agogo a Felonika, tonse tikudziwa lamulo. Sitikuti mutiuze zonse, ayi. Ife ndife akhristu. Koma taonani mayiyu mmene alili. Tikungofuna liwu limodzi. Za mwana uja, ananena kapena sananene? Inde kapena ayi, basi, tibalalike."

A Felonika anamangitsa mpango.

"Iwe Mateyu," anatero. Anthu anang'ung'udza, chifukwa apampando satchulidwa iwe pagulu. "Ndinakuona ukuyenda wopanda kabudula pabwalo lomwe lino. Amako analapira pakamwa panga zaka zonse mpaka tsiku lowadzoza. Ndiyambe ndi awo?"

"Agogo, musapotoze nkhani."

"Sindikupotoza. Ndikufunsa poyambira. Tiyambe ndi amako, tibwere kwa apongozi ako, kenako tizungulire bwalo lonseli. Dzuwa lilipo."

Agogo ena amene anakhala kumapeto anayamba kukonza zitenje zawo.

Aphunzitsi ena opuma, munthu waulemu, anayesa njira ina. "Mayi, ngati gogoyo ndi wosalakwa, kunena kuti ayi si kuulula. Mukhala mwamupulumutsa."

"Aphunzitsi, inu munaphunzira, tandithandizani. Lero ndinene ayi. Mawa mwana wina adwale, mudzandifunse za munthu wina, ine ndikhale chete. Mudzati chiyani?"

A Felonika anadziyankha okha.

"Mudzati inde. Ndiye ayi wanga wa lero ndi mpeni wa mawa. Loweruka pakamwa panga si panga, ndimabwereketsa. Zimene zinadutsapo eni ake anatenga."

Apo amake Joni anakuwa. Sindidzaiwala. Anati, "Mwana wanga ali m'dothi, inu mukusunga mfiti m'kamwa!" Anadzigwetsa pansi, ndipo anthu anayamba kulankhula onse nthawi imodzi. Anyamata ena anati ngati agogo akukana kunena ayi ndiye kuti ndi inde, ndipo kanyumba kaja tinamanga tokha, tikhozanso kukagwetsa tokha.

A Felonika sanadikire pemphero lotsekera. Anadutsa pakati pa anthu, n'kulunjika kwa a Lusiya. Ife tinkawatsatira chapatali ngati tikutsatira ng'ombe yolusa. Analowa m'kanyumba kaja, n'kutuluka atasenza mphasa ndi mphika, dzanja lina atagwira a Lusiya. Kunyumba kwawo kuli njira yachidule yodutsa m'dimba, koma sanaitenge. Anadzera pakati pa mudzi, pakhomo pa a Mateyu, pachitsime, pang'onopang'ono dala, akulankhula ndi a Lusiya m'Chilomwe za mbewu ya nandolo. Kuyambira tsiku limenelo a Lusiya anakhala kwa a Felonika. Kanyumba kaja anyamata anakagwetsabe, kopanda munthu, kuti mkwiyo usapite pachabe.

Pali chinthu chimene chimandiwawa kuposa zonse, ndipo ndachilemba kale kawiri m'kope lina n'kufufuta, poopa kuti ndi tchimo. M'kachipinda muja anali atatu. Abambo, bambo mfumu wa nthawi imeneyo, anamva zonse zimene a Felonika anamva. Palibe ndi mmodzi yemwe anapita kukagogoda kunyumba ya ansembe kuti anene inde kapena ayi. Kumeneko kuli mpanda ndi agalu awiri, ndipo aliyense akudziwa kuti wansembe safunsidwa zimenezo. Lamulo ndi limodzi lomwelo, koma pa mkanjo tinalilemekeza, pa chitenje tinaliyesa mwano. Abambo analalikira kamodzi za kupatulika kwa sakramenti la kulapa, osatchula dzina la munthu, mawu osalala moti aliyense anaganiza kuti akunena mnzake. Pasaka itapita anasamutsidwa. Amene anabwera m'malo mwawo anauzidwa kuti imeneyo ndi nkhani ya kumudzi.

Palibe anawachotsa a Felonika mumpingo. Akanatero bwenzi pali pokadandaula. Zinkangochitika zokha. Gulu la amayi linasiya kuwauza tsiku la msonkhano. Pa benchi yawo pankatsala malo a anthu awiri mbali iyi ndi awiri mbali inayo, ngakhale tsiku la Khirisimasi anthu ataima panja. Pa nthawi yopatsana moni wa mtendere, oyandikana nawo ankapezeka kuti akutola kanthu pansi. Ku Namadzi kalongonda wawo anayamba kubwerera kunyumba, moti Abiti Saidi ankamuika pambali pa zitumbuwa zawo n'kumagulitsa ngati wawo. Ana anapeka kanyimbo ka nyumba ya afiti awiri.

Koma Loweruka mzere sunachepe. Unakula. Agogo onse aja anali ataona ndi maso awo kuti mayiyu angalole kudedwa ndi mudzi wonse koma osatsegula pakamwa. Ankabwera ngakhale ochokera kutali cha ku Njuli, ena oti Chinyanja amachidziwa bwinobwino. Azakhali awo a Mateyu ankabwera mwezi uliwonse. Loweruka ankawanong'oneza a Felonika zonyansa zawo zonse, Lamulungu n'kuwadutsa ngati chitsa. A Felonika ankati zimenezo n'zosadabwitsa, palibe amapereka moni kwa chimbudzi chake.

Inenso ndilapepo. Kale ndikamachokera kusukulu ndinkadzera kwawo, ndipo ankandifunsa kuti lero aphunzitsi anama chiyani. Zitachitika zija amayi anati, "Usadzerenso kwa agogo aja, anthu angatinene." Ndinamvera. Tsiku lina tinakumana pamjigo. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana chidebe. Anangoti, "Wakula, mwanawe," n'kupita. Ine ndinangopitiriza kupopa madzi. Amati ndine wamanyazi, koma tsiku limenelo sanali manyazi.

Anayamba kudwala chifuwa mwezi wa Juni. Anapitabe ku ntchito yawo Loweruka lililonse mpaka miyendo inakana. Sabata yawo yomaliza amayi mtima unawatsutsa, anaphika phala n'kundiuza kuti ndinyamule. Tinawapeza atagona pamphasa, atachepa ngati mwana. A Lusiya ndiwo ankawasambitsa ndi kuwatembenuza. Tili pomwepo, dzuwa likupendeka, pakhomo panaima munthu. Anali amake Joni. Sanalonjere aliyense. Anagwada pafupi ndi mphasa.

"Agogo, mukupita. Musapite nazo. Ine zaka ziwiri sindikudziwa tulo. Sindiuza munthu, ndikulumbira pa manda a mwana wanga."

"Sendera kuno, mwanawe," anatero a Felonika, n'kuwagwira dzanja. "Joni ndinamunyamula tsiku la ubatizo wake, anandinyowetsera chitenje chatsopano. Ndikukamuona. Ndikamuuze chiyani?"

"Agogo, ndafunsa ndine."

"Ndamva. Makutu sanafe."

A Felonika anangogwira dzanja lija mpaka mwini wake analichotsa. A Lusiya, amene sanamve liwu limodzi la zonsezi, anaona mlendo akulira, n'kutunga madzi m'chikho kudzamupatsa atagwada. Amake Joni anachiyang'ana chikhocho nthawi yaitali. Sanachilandire, komanso sanachikankhe. Anaimirira n'kutuluka.

Amake Joni sindiwakwiyira. Mwana anali wawo. Ndikukwiyira ife amene ana athu anali amoyo.

Ndikufunitsitsa kulemba pano kuti a Lusiya anali osalakwa. Ine ndimakhulupirira zimene ananena kuchipatala, ndipo ndikuganiza kuti munthu amene wathawa nkhondo ali yekha sasowa chomuliritsa pamaso pa Mulungu. Koma amenewo ndi maganizo anga. A Felonika sanandiuze, sanauze amayi, sanauze Abiti Saidi. Amene akufuna kudziwa akafukule.

Pamaliro, amayi a gulu anabwera asanu, atavala zitenje wamba, osati yunifomu imene amavala akamwalira mnzawo. A kwaya anaimba nyimbo ziwiri mothamanga. Agogo a Loweruka aja, amene akanadzaza manda onse akanabwera, ambiri anadwala mwendo tsiku limenelo. Abiti Saidi anaima kunja kwa mpanda wa nkhadze, poti kwawo akazi safika pamanda. Titatuluka Abiti anawaimitsa akazi awo a Mateyu panjira, osatsitsa mawu.

"Aroma inu! Munthu wakusenzerani zonyansa zanu kuyambira ali kamwana, mwamuperekeza ngati nkhuku yofa ndi chitopa?"

"Abiti, pano ndi pamaliro."

"Maliro ake ati? Ine ndimayesa mwabwera kudzaona ngati akwiriradi."

Lachisanu bungwe la parishi linakumana, ndipo linagwirizana kuti a Lusiya apite kumsasa wa othawa nkhondo, akuti kuti akakhale ndi anzawo. Galimoto ya pamishoni inabwera Loweruka m'mawa. Inaima pamsewu, ndipo oyendetsa anakawatenga wapansi. Odziwa Chilomwe tinalipo ambiri, titaima m'makonde mwathu, koma palibe anasendera kuti awauze kumene akupita. Anakwera atagwira mphasa yawo, akuyang'ana nkhope zathu mmodzimmodzi, ngati akufuna amene alankhule.

Dzulo pochokera kusukulu ndinadzera kunyumba kwa a Felonika, osauza amayi. Chitseko anachimanga ndi luzi. Pakhonde pali mafuwa atatu ndi phulusa lomwe mphepo yayamba kulimwaza, ndipo pakhoma patsamira minsi iwiri, wautali ndi waufupi. Nandolo wa kuseri wauma pamtengo, akungothetheka yekha, palibe wothyola, ngakhale ana amene amaba nandolo wa aliyense. Nkhuku anatenga adzukulu a ku Limbe. Ndinaima pabwalo kufuna kunena Tikuoneni Maria, koma ndinangoti odi, mawu amene ndinawamana zaka ziwiri.

Pobwerera ndinasochera pang'ono, pamtunda wosakwana kuponya mwala, ndipo chisoso chinandimata siketi yonse. Ndinayamba kudabwa kuti udzu wamera msanga bwanji, munthu wangomwalira sabata yatha. Kenako ndinaona kuti ndi udzu wakale, wofika m'chiuno, wina wouma wa chaka chatha. Njira ya kwa a Felonika inatsekeka iwo akadali moyo.